Mwana wofatsa wamenya mnzake chigongono pampira: ukali umenewu umachokera kuti?

Phiri_waMufakose
Abale ndi alongo, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo chiyambire Lamlungu. Mnyamata wanga wachiwiri, wa zaka 15, amatchinga kumbuyo mu timu ya achinyamata kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Pakhomo ndi mwana wofatsa, mlongo wake wamng'ono amamulanda rimoti iye osayankha. Lamlungu lapitali, mpira uli pafupi kutha iwo atachinyidwa kale 2-0, anamenya mwana wa timu inayo ndi chigongono pakamwa, mpira uli kutali. Mwanayo anang'ambika mlomo, magazi jezi yonse. Woyimbira anatulutsa kadi yofiira ndipo sindikumutsutsa, ndinaona ndi maso angawa. Malume ake akuti ndi magazi, akuti kwathu kwa a Phiri ndife aukali, ndiye ndimusiye azisewera kuti ukaliwo uzithera pabwalo osati m'nyumba. Mayi ake akuti mpira asiye lero lomwe. Mwiniwake wangoti "pepani adadi", basi. Inu odziwa za ana ndi masewera, ukali wotere umachokera kuti? Ndimuletse kapena ayi?

Nabanda_Mbare
Pepani bambo Phiri, nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Koma tiyambe ndi wovulalayo. Ali bwanji? Makolo ake mwawaona?

Phiri_waMufakose
Anamusoka mlomo kuchipatala, ndamva kuti ali bwino. Makolo ake sindinakumane nawo mayi, kochi wawo ndiye anathamanga naye.

DeMbare63
Achimwene musamuphe mtima mwana. Difenda wopanda ukali ndi wa ntchito yanji? Mpira ndi wa amuna, si netiboli.

Nachisale_GK
A DeMbare63, munayamba mwaimapo pansi pa goli ya netiboli inu? Ndasewera zaka 9, zigongono ndazilandira m'nthiti zosawerengeka. Ndipo kung'amba mlomo wa mwana wa eni mpira uli kutali si umuna.

RefaWakale
Ndayimbira mpira wa m'makomboni ndi wa masukulu kwa nthawi yaitali, ndiye ndiloleni ndisiyanitse zinthu zimene a DeMbare63 aziika mumphika umodzi. Pali kulimba: kulowa pa mpira ndi mphamvu zonse, phewa kwa phewa, kudumpha mutu osaopa. Apo cholinga ndi mpira, malamulo amalola, ndipo difenda aliyense ayenera kukhala nako. Pali faulo yowerengera: ukuona kuti womwetsa zigoli wakupitirira, ukumukoka kapena kumupinga mwendo mtima uli zii, chifukwa ukufuna kupulumutsa chigoli. Kuvulaza kulipo koma ndi njira chabe yopezera china. Ndiye pali nkhanza ya mkwiyo, pomwe munthu wayiwala za mpira, akungofuna kuti mnzakeyo amve kuwawa. Akatswiri a zamaganizo amazigawa chimodzimodzi. Zimene mwafotokozazi bambo Phiri ndi zachitatuzi. Timu sinapindule kanthu, inatsala ndi anthu 10. Ndiye funso langa ndi lakuti chinamukwiyitsa n'chiyani.

Mphunzitsi_GlenView
Ine ndimaphunzitsa masewera olimbitsa thupi ku sekondale, ndipo ku koleji tinaphunzirako za kaganizidwe ka osewera. Ndiyankhe za malume ajawo, chifukwa mawu awo ali ndi eni ake m'mabuku. Sigmund Freud ankati munthu amabadwa ndi chilakolako chowononga. Konrad Lorenz wa ku Austria, yemwe ankaphunzira makhalidwe a atsekwe ndi nsomba, analemba mu 1963 kuti ukali umadzadza mwa cholengedwa ngati madzi mu thanki, ndipo ukapanda kuutsegulira mpopi umaphulika. Iye ankaona masewera ngati mpopi wabwino. Ndi zomwezo akunena malume.

Vuto ndi lakuti anthu atayesa maganizo amenewa, sanagwire. Brad Bushman mu 2002 anatenga ophunzira mazanamazana, n'kuwakwiyitsa powauza kuti zimene analemba n'zachabechabe. Ena anawapatsa chithumba cha ankhonya kuti azimenya uku akuganizira amene wawanyozayo, ena anangowakhazika phee kwa mphindi zochepa. Omenya chithumba aja ndi amene anatuluka ali okwiya kwambiri, ndipo atapatsidwa mpata wobwezera anabwezera mwankhanza kuposa ongokhala aja. Kumenya kumaphunzitsa kumenya. Komanso ukanakhala thanki yobadwa nayo, bwenzi mwanayu akumenya mlongo wake pa rimoti paja. Kupsa mtima msanga ena amabadwa nako ndithu, sindikukana, koma sikukufotokoza chifukwa chake zinachitika Lamlungu limenelo, mphindi imeneyo.

Gogo_waDedza
Aphunzitsi, mabuku ndawalemekeza, koma ine ndinakula ndikubusa ng'ombe kwathu ndisanabwere kuno. Kubusa tinkagwetsana, tinkamenyana mpaka mphuno kutuluka magazi, madzulo n'kudyera nsima mbale imodzi. Mtima unkatsika. Ana a m'tauni alibe kobusa, ndiye ukali azikautaya kuti?

Mphunzitsi_GlenView
Agogo, kutopa kumatsitsadi mtima, ndipo mwana wothamanga amagona bwino. Pamenepo tikugwirizana. Koma ndifunseko, kubusa kuja mnyamata akatola mwala kapena kumenya mnzake ali chogona, akuluakulu a gululo ankangoyang'ana?

Gogo_waDedza
Ayi, ameneyo ankalandira chikoti pompo. Wagwa wagwa, sumuwonjezera.

Mphunzitsi_GlenView
Ndiye kuti munkaphunzira malire agogo, ndipo anakuphunzitsani ndi anzanu.

Kepekepe_Nkhotakota
Ine ndikuona kuti yankho lili pa 2-0 paja. Munthu ukagonja mtima umawira. Yang'anani makadi ambiri amatuluka nthawi yanji, ndi kumapeto timu ina itaona kuti zavuta. Ndipo mpirawo unayamba nthawi yanji bambo Phiri? Dzuwa la Okutobala kuno likuwotcha ngati ku Nsanje.

Phiri_waMufakose
Unayamba cha m'ma 12 koloko, bwalo lafumbi, mthunzi palibe. Madzi anali chigubu chimodzi timu yonse.

Mphunzitsi_GlenView
A Kepekepe mwakhudza chiphunzitso chachiwiri. Mu 1939 akatswiri asanu a pa yunivesite ya Yale, otsogoleredwa ndi John Dollard ndi Neal Miller, anati nkhanza imabadwa pamene munthu watsekeredwa njira yopita ku chomwe akufuna. Ukufuna chigoli, goloboyi akugwira zonse, woyimbira wakana penate, nthawi ikutha. Poyamba ananena molimba kuti kulepheretsedwa kulikonse kumabala nkhanza, koma posakhalitsa anafewetsa okha, chifukwa n'zoonekeratu kuti ena akagonja amalira, ena amangokhala chete, ena amalimbikira. Mu timu ya mwana wa a Phiri onse 11 anachinyidwa 2-0, koma chigongono chinachoka kwa mmodzi. Za kutentha nazo zilipo. Ku America mu 1991 anawerengera masewera a baseball n'kupeza kuti masiku otentha kwambiri oponya mpira ankagenda omenya kawirikawiri kuposa masiku ozizira. Ndiye dzuwa limathandizira, koma nalo linawomba ana onse 22.

Mlonda_Msasa
Nkhani ya kugonja yandikumbutsa 9 Julaye 2000. Ndinalipo ku National Sports Stadium, ma Warriors, timu ya dziko la Zimbabwe, ndi South Africa, mpira wolimbirana malo ku World Cup. Delron Buckley atamwetsa chachiwiri, mabotolo anayamba kugwa ngati matalala. Pafupi nane panali bambo wina wovala bwino, tinagawana naye malalanje chigawo choyamba, tikucheza za ana. Ndinamuona akuponya botolo nkhope itasinthiratu. Kenako apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi m'masitandi, anthu n'kuthamangira kumageti, ndipo anthu 13 anafa popondana. Ine ndinatuluka wopanda nsapato. Mpaka lero ndimadzifunsa za bambo uja, chifukwa sindikhulupirira kuti kunyumba kwake anagendapo munthu.

Nabanda_Mbare
Mzimu wawo uuse mumtendere. Tsiku limenelo ku Mbare kunali zii.

Mphunzitsi_GlenView
A Mlonda, zimenezo akatswiri ngati Philip Zimbardo anazifotokoza kuti munthu akalowa m'chigulu amaona ngati dzina lake lafufutika. Palibe akumudziwa, mlandu ukugawidwa kwa anthu zikwizikwi, ndiye chimene sangachite ali yekha amachichita. Ena anadzatsutsa pang'ono, nati munthuyo sataya nzeru koma amatsatira zimene gulu lake likuona kuti n'zoyenera nthawi imeneyo. Ine ndimatsamira kwa achiwiriwa, chifukwa chigulu chomwecho ndi chimene chimanyamula okomoka.

DeMbare63
Koma tinene zoona, mabotolo sanaphe munthu tsiku lija. Unapha ndi utsi ndi mageti.

Mlonda_Msasa
Sindinakane achimwene. Ndangonena zomwe ndinaona pafupi nane.

Kepekepe_Nkhotakota
Ndipo inu a DeMbare, timu ya Dynamos, mukamakumana ndi Bosso, timu ya Highlanders ya ku Bulawayo, timakhala tikupemphera, kaya ndi ku bwalo la Rufaro kaya la Barbourfields.

DeMbare63
Inu otsatira timu ya CAPS musadziyeretse.

Nachisale_GK
Abambo inu, a Phiri afunsa za mwana wawo.

Phiri_waMufakose
Zikomo achemwali. Ndabweranso chifukwa zasintha. Usiku wathawu mnyamata anamasuka kwa azakhali ake, ndipo iwo andifotokozera m'mawa uno. Akuti nambala 9 wa timu inayo, mnyamata wamkulu thupi, atangomva anzake akumuitana dzina la Phiri, anayamba kumunena kuyambira mphindi zoyambirira. "Mubhurandaya", "mubwidi" (mawu onyozera anthu ochokera ku Malawi), "bwerera kwanu", kona iliyonse akumunong'oneza m'khutu. Ena mwa oonerera anamva n'kumaseka. Mwanayu anabadwira kuno, ine ndinabadwira kuno, ku Malawi anapitako kamodzi kumaliro. Koma chimene chandipweteka kwambiri ndi ichi: amene anamumenya uja si nambala 9. Ndi kamnyamata kakang'ono ka kuphiko, kamene sikanayankhule kalikonse. Kanangodutsa pafupi.

DeMbare63
Aaa. Ndiye analakwitsa adiresi basi. Akanamupatsa nambala 9 yemweyo ine ndikanamugulira kokakola. Tatukwanidwa mokwanira m'dziko muno.

Nyasa_waEpworth
Mawu amenewo ine amandiwiritsa magazi. Makolo athu anakumba migodi, analima fodya m'mafamu, anasesa misewu ya mzinda uno. Chitupa changa chinakhala ndi mawu akuti ALIEN zaka zambiri chonsecho ndinabadwira kuno. Malamulo a dziko a 2013 anavomereza kuti obadwira kuno kwa makolo ochokera m'maiko a SADC ndi nzika, koma pakamwa pa anthu sipanasinthe.

Gogo_waDedza
Chitupa munasinthitsa mwanawe? Mdzukulu wanga akuvutika nacho.

Nyasa_waEpworth
Ndinasinthitsa agogo. Pamafunika setifiketi yobadwira yaitali ija yokhala ndi maina a makolo, ndi kuleza mtima pamzere. Ndikuimbirani ndikufotokozereni bwino.

Kepekepe_Nkhotakota
Chodabwitsa n'chakuti mpira wa dziko lino tinaumanga nawo. Moses Chunga ku Dynamos ankamutcha Bambo, aliyense akudziwa komwe dzinalo likuchokera. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo a ku Malawi, anakhala kaputeni wa ma Warriors mpaka kukasewera Manchester City. Joseph Kamwendo atabwera ku CAPS anamusankha wosewera wopambana onse mu 2005. Ukamamwetsa ndiwe wawo.

Nabanda_Mbare
Zonsezo n'zoona, ndipo inenso ndalira powerenga. Koma a DeMbare63, pali mayi wina ku Kuwadzana kaya kuti amene mwana wake wasokedwa mlomo popanda mlandu. Za adiresi mukanene kwa mayi ameneyo.

Mphunzitsi_GlenView
Bambo Phiri, tsopano chithunzi chaoneka, ndipo pepani kwambiri chifukwa cha zimene mwana wanu anamva. Zinthu ziwiri.

Choyamba, Leonard Berkowitz anakonzanso chiphunzitso cha a Dollard chija. Iye anati kulepheretsedwa sikubala nkhanza mwachindunji. Kumabala kuwawidwa mtima, ndipo chilichonse chowawa chimathira pamoto womwewo: kugonja, dzuwa, ludzu, kupweteka kwa mwendo, chitonzo. Munthu amakhala wokonzeka kumenya, koma kuti amenyedi zimadalira zimene akuona pomuzungulira ndi mmene akuzitanthauzira. Anapezanso kuti chimakwiyitsa kwambiri ndi chimene munthu akuona kuti n'chopanda chilungamo ndiponso chadala. Kuchinyidwa ndi timu yabwino kumapiririka. Kunyozedwa mtundu kwa ola lathunthu akuluakulu akuseka, woyimbira osachitapo kanthu, ndi nkhani ina.

Chachiwiri ndi kamnyamata ka kuphiko kaja. A Dollard ndi Miller analemba za zimenezi kalekale: pamene wokukwiyitsayo ndi woopsa kapena wosafikirika, mkwiyo umasamukira kwa wina wofanana naye pang'ono koma wofooka. Bambo wakalipiridwa ndi bwana kuntchito amakafikira kukalipira mkazi. Kamnyamatako kanavala jezi yofanana ndi ya nambala 9, kanali kakang'ono, kanali pafupi. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake mwana wanu wakhala chete masiku onsewa. Akudziwa kuti anamenya wosalakwa, ndipo akudziwanso kuti wolakwayo anamuopa. Pa zaka 15 manyazi awiri amenewo ndi katundu wolemera.

DeMbare63
Ndiye aphunzitsi mukufuna ana athu azingomeza? Azitukwanidwa n'kumaseka?

RefaWakale
Palibe wanena zomeza. Lamulo 12 la mpira likunena poyera kuti mawu onyoza kapena otukwana ndi kadi yofiira, chimodzimodzi kumenya. Vuto ndi lakuti woyimbira samva zonong'ona. Mwana aphunzitsidwe kuuza kaputeni, kaputeni auze woyimbira, ndipo pa hafu taimu kochi apite kwa kochi mnzake. Ine akandiuza ndinkaima pafupi ndi awiriwo kona iliyonse, ndipo pakamwa pankatsekeka. Kumbukirani fainolo ya World Cup ya France ndi Italy ku Berlin mu 2006. Materazzi anatukwana za mlongo wa Zidane, Zidane n'kumugunda ndi mutu pachifuwa mu nthawi yowonjezera, kadi yofiira, Italy n'kutenga chikho pa mapenate. FIFA inadzalanga onse awiri, Materazzi masewera awiri, koma chikho chinali chitapita. Wotukwana amakhala akufuna zomwezo. Nambala 9 uja anamaliza mpira wake bwinobwino n'kupita kwawo ndi mapointi atatu.

Nachisale_GK
Funso langa ndi la kochi wa mwana wanu bambo Phiri. Iye anati chiyani mpira utatha?

Phiri_waMufakose
Ndamufunsa mnyamata. Akuti kochi anamugwira paphewa n'kumuuza kuti waonetsa kuti timu yawo si yoseweretsa, koma ulendo wina azichita woyimbira atayang'ana kwina. Akutinso pa tirening'i amawauza kuti mphindi zoyamba difenda azimupatsa sitiraika "moni" kuti adziwe kuti kuli anthu.

Nachisale_GK
Ndiye mukufunanso magazi a kwa a Phiri pamenepa?

Mphunzitsi_GlenView
Apa ndiye pafika Albert Bandura. Mu 1961 ku Stanford anaonetsa ana a ku nazale munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa, kuchikhoma ndi hamala, kuchiponda. Anawo atasiyidwa ndi chidolecho anachita zomwezo, ena mpaka kubwereza mawu ake. Koma kwa ine chofunika ndi chimene anachita mu 1965. Ana ena anaona womenyayo akupatsidwa maswiti, ena anamuona akudzudzulidwa. Oona chidzudzulo aja sanatengere kwambiri. Kenako Bandura anawalonjeza mphatso onse ngati angaonetse zimene anaona, ndipo kusiyana kuja kunatha. Onse anali ataphunzira, chimene chinkasiyana ndi chilolezo. Mwana aliyense woonera mpira pa TV chigongono amachidziwa. Anaona Suárez akuluma Chiellini mu 2014, anaona De Jong akuponda Xabi Alonso pachifuwa mu fainolo ya World Cup ya 2010 ku Johannesburg n'kungopatsidwa yachikasu. Amene amatsegula chitseko ndi munthu wamkulu yemwe mwanayo amamulemekeza. Brenda Bredemeier ndi David Shields anapezanso m'zaka za m'ma 1980 kuti osewera ambiri akalowa m'bwalo amaika pambali chikumbumtima cha masiku onse, n'kusiyira kochi ndi woyimbira kuti ndiwo aziganiza za chabwino ndi choipa. Mwana wofatsa, womvera, ndi amene amamvera kwambiri kochi wotere.

Maganizo anga, mpira asasiye. Mukamuletsa aphunzira kuti nambala 9 anamuchotsa pabwalo mpaka kalekale. Koma kwa kochi ameneyo achoke.

Kepekepe_Nkhotakota
Kuchoka n'kophweka pakamwa. Matimu a ana aulere ndi ochepa, ma akademi enawa amafuna madola mwezi uliwonse. Bwanji makolo mukumane naye kaye kochiyo? Mwina naye anaphunzitsidwa choncho.

Nabanda_Mbare
Anaphunzitsidwa choncho inde, koma wauza mwana kuti azivulaza anzake mobisa, magazi ali pansi. Wanga sindingamusiye pamenepo ngakhale sabata imodzi.

DeMbare63
Ine za "moni" sindikuziona zachilendo, tonse tinakulira momwemo. Koma zoti azichita refa atatembenuka, ayi, pamenepo kochi walakwa. Ndipo za nambala 9 musazisiye. Lembani kalata kwa oyendetsa ligi.

RefaWakale
Kalatayo ndikuthandizani kulemba bambo Phiri. Mutchule tsiku, bwalo, nambala ya jezi ndi mawu enieniwo, ndipo mupeze makolo awiri amene anamva. Muvomerenso m'kalatamo kuti chilango cha mwana wanu mwachilandira, akakuwerengani ndi mtima wina.

Phiri_waMufakose
Zikomo nonse. Mayi ake awerenga zonsezi ndipo sanavomerebe za mpira, akuti aona kaye. Za kochi ndikumana ndi makolo anzanga Lachisanu, ndikamve ngati ana awo amauzidwa zomwezo. Ndapeza nambala ya bambo a mwana wovulala uja, amakhala ku Kuwadzana, ndipo avomera kuti tipite Loweruka masana. Mnyamata ndipita naye, akapepese ndi pakamwa pake, ndipo ndalama zakuchipatala ndibweza. Iye wafunsa ngati akanene za nambala 9, ndamuuza kuti kumeneko ayi, si mlandu wa banja limenelo. Chishona ndimayankhula, koma pa mwambo wopepesa kwa eni dziko ndikufuna wamkulu wotsogolera mawu. Alipo angandiperekeze?

Gogo_waDedza
Ndikuperekezani ine mwanawe, ndapepesapo kambiri kwa azibale a mpongozi wanga. Musapite chimanjamanja, nkhuku yamoyo ndi shuga zikhalepo, ndalama zakuchipatala muziike m'mbale osati kupereka pamanja. Mnyamatayo avale buluku lalitali, akakhale pansi, ndipo aombe m'manja ndikamaomba ine. Mudzanditenge pamashopu 1 koloko, miyendo yanga siifulumira.